Lamulo lateteza bedi, nanga denga?

Ndinakhala nawo pa maliro a bambo wina wa geni ya zitsulo ku Ndirande. Mwambo unayenda bwino ndithu: amayi a mpingo anaimba, nkhata zinaikidwa, ndipo amene anayankhula m'malo mwa akubanja analonjeza pamaso pa khamu lonse kuti "ana awa ndi athu, mlamu wathuyu sadzavutika ife tili moyo." Tonse tinagwedeza mitu. Koma titangobwerako kumanda, ena asanasambe n'komwe m'manja, ndinamva mng'ono wake wa malemu akufunsa mtsikana wa Fomu 3, yemwe ndi woyamba m'banjamo, kuti makiyi a kuchipinda kwa bambo ake ali ndi ndani. Ati ankafuna kusunga mapepala kuti angasowe, poti anthu anali pikitipikiti m'nyumbamo.

Palibe amene anamenya mayi wamasiyeyo. Palibenso amene anamuponyera katundu panja usiku monga tinkamvera kale. Anangouzidwa mwaulemu kuti, "Alamu, pitani kaye kumudzi mukapume, mtima ukakhale pansi, za pano tidzakambirana posudzula." Iye anamvera, paja namfedwa satsutsana ndi eni maliro. Atabwerako patatha milungu isanu anapeza loko wachilendo pachitseko, makatani ena m'mawindo, ndi banja lina likuphika pakhonde. Nyumba inali itaikidwa pa lendi, ndipo ndalama ya miyezi itatu inali italandiridwa kale.

Nkhani ngati iyi si yachilendo kwa aliyense wokhala ku Bangwe, Kawale, Chinsapo kapena Zolozolo. Chimene ndikufuna tiunikire limodzi n'chakuti, zikuchitikirabe chiyani, chikhalirecho aphungu athu analetsa mchitidwewu kalekale, osati kamodzi koma kawiri? Ine ndikuti nyumba ya malemu siitayika kukhoti ayi. Imatayika m'masiku oyamba aja, pakati pa siwa ndi kusudzula, ndipo wopambana ndi amene wagwira makiyi ndi mapepala. Lamulo lathu limafika mochedwa, ndipo likafika limayankhula momveka pa za mabedi ndi mapoto, koma pa za denga limachita chibwibwi.

Tiyambe ndi kumene tachokera, poti achinyamata ambiri owerenga tsamba lino sanazione. Kuyambira mu 1967 dziko lino linkayendera lamulo lotchedwa Wills and Inheritance Act. Mwamuna akamwalira wopanda wilo, lamulo limenelo linkadula chuma chake pawiri. Ngati ukwati unamangidwa kumadera a lobola, monga kumpoto, theka linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemu, theka linalo kwa olowa chuma mwa chikhalidwe. Ngati unamangidwa kumadera a chikamwini ndiye zinali zolira: mkazi ndi ana ankatenga magawo awiri mwa asanu, magawo atatu n'kupita kwa abale a mwamuna. Tamvetsani bwino pamenepa. Malume kapena mlongo wa malemu akamabwera ndi lole kudzapakira katundu, sankadziona ngati wakuba. Boma lenilenilo linali litamuuza kuti gawo lalikulu ndi lake. Nanga nyumba imodzi ya zipinda zitatu mungaidule bwanji magawo asanu? Njira inali kuigulitsa, apo ayi kuthamangitsa wofookayo.

M'zaka za m'ma 1990, Edzi itayamba kutenga abambo a msinkhu wogwira ntchito, aphunzitsi, madalaivala, makalaliki ndi a mabizinesi, nkhanzazi zinafika posauzana. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa ndime 24, ananena poyera kuti pakhale malamulo othetsa miyambo yolanda amayi katundu, kuphatikizapo katundu wosiyiridwa ndi malemu. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la 1967 lija, kulanda chuma cha amasiye n'kusanduka mlandu wa chindapusa cha K20,000 ndi zaka 5 kundende. Koma kagawidwe ka magawo kaja anakasiya momwemo. Kunali ngati kuuza fisi kuti mbuziyi ndi yako, koma ukaigwira tikumanga. Mu 2002 bungwe la Women and Law in Southern Africa, motsogozedwa ndi mayi Seodi White, linatulutsa buku la kafukufuku wake pa za kulandidwa kwa amayi amasiye, ndipo mabungwe anapitiriza kukuwa mpaka mu 2011 pamene lamulo latsopano, Deceased Estates Act, linalowa m'malo mwa lakalelo.

Kunena chilungamo, lamulo la 2011 ndi labwino, ndipo wogulitsa kaunjika aliyense ayenera kudziwa mitu yake monga momwe amadziwira mtengo wa belo. Linathetseratu kulowa chuma kudzera m'chikhalidwe, kotero palibenso amene angati "kwathu timatere" n'kunyamula katundu wa malemu. Munthu akafa wopanda wilo, oyenera kulandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankamudalira, monga makolo ake kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Achimwene ndi achemwali ali kumbuyo kwenikweni kwa mzere, amalandira pokhapokha ngati malemu sanasiye mkazi, mwana, womudalira kapena mdzukulu. Mwana ndi mwana basi, kaya wa m'banja kaya wobadwira kunja, ndipo wamng'ono amayenera gawo lokulirapo kuposa wamkulu chifukwa ulendo wake ukadali wautali. Wamasiye ali ndi ufulu wosunga ziwiya zonse za m'nyumba mwake. Akakwatiwanso sataya zimene analandira, kupatula zimene zili pa malo a mafumu, zomwe zimapita kwa ana. Wolanda anamuikira chindapusa ndi zaka 10 kundende, kuonjezera apo abweze zimene analandazo.

Tsono vuto lili apa. Ndime 17, imene imafotokoza kagawidwe, imatchula ziwiya za m'nyumba mwachindunji, koma nyumba yeniyeniyo siipatula. Imalowa mu mulu wa chuma chonse, pamodzi ndi minibasi, golosale ndi ndalama za kubanki, kuti zigawidwe mwachilungamo moteteza a m'banja ku mavuto. Woweruza wanzeru akhoza kunena kuti kutulutsa mayi ndi ana m'nyumba ndiye kuwaika pa mavuto omwe lamulo likukanawo. Koma kuti mawu amenewa atuluke, mlandu uyenera kufika kaye pamaso pake. Pamene mlandu ukudikira tsiku, mayi uja ali ndi ufulu wonse pa bedi lake, koma alibe mzere umodzi wa lamulo woti aonetse wapolisi kapena mfumu ya m'tauni, wonena kuti bedilo likhale m'chipinda chomwe lakhala zaka 15.

Anzathu a ku Zambia, amene miyambo ya kum'mawa kwa dziko lawo ndi yathu yomweyi, anadzera njira ina. Lamulo lawo la 1989 linaika manambala: 20 peresenti kwa wamasiye, 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa makolo, ndi 10 peresenti kwa ena odalira malemu. Pa za nyumba linanena padera kuti ndi ya wamasiye ndi ana pamodzi, ndipo wamasiyeyo akhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Sindikunena kuti ku Chipata kapena ku Lusaka kulibe olanda, alipo ndithu. Mfundo yotulutsa munthu chifukwa wapeza banja lina nayonso ine sindigwirizana nayo, kodi wamasiye wa zaka 28 akhale yekha mpaka kufa kuti asataye denga? Koma taonani kusiyana kwake. Mayi wa ku Zambia ali ndi chiganizo chimodzi chachifupi choti anene ataima pakhomo. Wathu ayenera kufotokoza ndime yonse yonena za chilungamo ndi mavuto kwa mlamu amene wanyamula kale loko m'thumba.

Komabe ngakhale ndi lamulo lomwe tili naloli, pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo olanda amadyerera pa umbuli umenewu. Munthu akamwalira, chuma chake sichisanduka cha wachibale wina aliyense tsiku lomwelo. Pamafunika woyendetsa chumacho, amene watchulidwa mu wilo kapena wapatsidwa kalata ya mphamvu ndi khoti, ndipo nthawi zina ntchitoyi imagwiridwa ndi ofesi ya Administrator General kapena ya bwanamkubwa wa boma. Woyendetsayo si mwini chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kubweza ngongole za malemu, n'kugawa zotsala kwa oyenera. Msonkhano wa banja pansi pa mtengo wa mango si khoti. Mfumu ikhoza kuyanjanitsa, koma singapereke nyumba ya m'tauni kwa amene yamufuna. Ndipo ngakhale munthu wapambana mlandu, satulutsa mnzake ndi manja ake kapena ndi anyamata a pa siteji, amatulutsa ndi masherifu atanyamula chikalata cha khoti. Choncho aliyense wosintha loko wopanda pepala lotere walakwa, kaya ndi mchimwene wa malemu, kaya ndi mwana woyamba, kaya ndi mkazi wamkulu.

Ndatchula dala mwana woyamba ndi mkazi wamkulu, chifukwa tikamangoloza chala abale a mwamuna tiphonya theka la nkhaniyi. Mikangano ina yowawa kwambiri ili m'kati mwenimweni mwa banja. Mnyamata wa ku yunivesite ku Zomba, amene mayi ake anamwalira kale, amabwera pa holide bambo ake ataikidwa n'kupeza mayi omupeza apereka chipinda chake kwa mng'ono wawo, zovala zake zili mu saka ku kitchini ya panja. Kwina ndi ana a mkazi woyamba, akuluakulu kale ndi mabanja awo, amene amaunjikana pakhomo n'kumati, "Nyumba iyi anamanga ndi amayi athu, inu munaipeza, nyamukani." Onsewa lamulo limawapatsa gawo, ndipo palibe mwa iwo amene ali ndi mphamvu yothamangitsa mnzake. Koma nyumba ndi imodzi, ndipo anthu amene sanakondanepo malemu ali moyo sangayambe kubwerekana mchere iye atapita.

Palinso abambo. Mkamwini amene anamanga nyumba ya malata kwawo kwa mkazi, mkaziyo akatsogola amauzidwa kuti ntchito yake yatha, abwerere kwawo ndi kachikwama. Ameneyu sadandaula pagulu, amaopa kusekedwa. Lamulo la 2011 silisankha, limateteza wamasiye wamwamuna chimodzimodzi, ngakhale kuti nyumba ikakhala pa malo a mafumu nkhani imavuta chifukwa dothi ndi la mbumba. Pa mitala lamulo linayesako kuthandiza: akazi akakhala m'madera osiyana, aliyense gawo lake limachokera pa chuma cha kumene amakhalako, kotero wa ku Mchesi asalote nyumba ya mnzake ku Dedza. Ndipo tisaganize kuti izi ndi za osauka okha. Ngakhale chuma cha malemu pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene lamuloli linakhazikitsidwa iye ali pampando, anthu anakokanirana m'makhoti iye atamwalira mu April 2012.

Chida china chimene olanda amakonda ndi kukana ukwati. "Ameneyu sitikumudziwa, ankhoswe ake ndani? Anangolowana." M'tauni muno mabanja ambiri anayambadi choncho, ndipo chinkhoswe chimangozengerezeka mpaka ana afika sekondale. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 22, amavomereza ukwati wa anthu amene akhalira limodzi ndipo anthu amawadziwa ngati banja, ndipo lamulo la maukwati la 2015 linati khoti likhoza kuvomereza ukwati wotere ngati anthuwo akhala limodzi zaka zosachepera 5. Koma apanso mawu ndi omwe aja: khoti likhoza. Ufikeko kaye. Ana okha ndiye sakhudzidwa, gawo lawo lilipo kaya makolo anadalitsa ukwati kaya ayi.

Tsopano ndiyankhuleko za mbali ya abale, poti nawonso si onse afisi. Amuna ambiri amene ali ndi nyumba m'tauni lero anaphunzira ndi ndalama za fodya wa malume kapena mtedza wa mlongo wawo. Banja lonse linadzimana kuti mmodzi apite patsogolo, ndipo linkaona ntchito yake ngati munda wa onse. M'maganizo a chikamwini, ana a mwamuna ndi a kuchikazi, ake enieni ndi ana a mlongo wake. Ndiye gogo wa kumudzi amene chaka chilichonse ankalandira matumba awiri a feteleza, akamva kuti zonse zatsala ndi "mkazi wobwera", mtima umawawa, ndipo kuwawako si kwa dyera. Palinso za maliro. Bokosi, galimoto yonyamula thupi kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzimba, chakudya cha masiku atatu, nthawi zambiri amasonkha ndi achimwene omwewo, ena mpaka kutenga katapila. Akamati tibwezeko pathu, sikuti akunama.

Lamulo linawamvako pang'ono. Makolo a malemu ali m'gulu la olandira, ndipo zolipira pa maliro zimayenera kuchotsedwa pa chuma chisanagawidwe. Mchimwene amene anaikadi ndalama zake pomanga nyumbayo akhoza kubweretsa umboni kukhoti kuti gawo lakelo liwerengedwe. Koma amene analipira fizi mu 1995 alibe kanthu, pokhapokha malemu atamukumbukira mu wilo. Kodi n'zowawa? Eya. Koma ngongole ya kuthokoza singabwezedwe ndi denga la mwana wa zaka 7 amene sanabwereke kanthu kwa munthu. Ndipo tiyeni tinene zoona, kawirikawiri amene amasintha loko si gogo wa feteleza uja. Ndi bambo wa m'tauni momwemo, wa nyumba yake ndi galimoto yake, amene amatchula gogoyo pa msonkhano koma lendi ikalowa kumudzi sikupita ngakhale paketi ya shuga.

Inu a geni, apa ndiye tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi imakupwetekani kuposa a pa ntchito. Wa pa ntchito amalemba fomu ya penshoni yotchula odzalandira, ndipo kampani imakhala ndi mbiri yake. Inu chuma chanu chili mu katundu wa mu shopu, mu benchi la mumsika, mu foni ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi mu puloti yomwe munagula ndi kalata ya pamanja yosainidwa pamaso pa mfumu. Kalatayo ili m'dzina la bambo okha, ngakhale njerwa zinagulidwa ndi ndalama za mandasi ndi kaunjika za mayi. Pamalamulo, chimene ndi cha mayi si chuma cha malemu ndipo sichiyenera kulowa n'komwe mu mulu wogawidwa. Koma adzatsimikiza bwanji? Simenti sinena amene anaigula. Malisiti a malata, buku la banki mkhonde losonyeza ngongole imene anatenga mwezi womwe denga linakwera, mayina awiri pa kalata ya puloti, zimenezi ndiye mboni zimene sizichita mantha ndi alamu. Abambo ena amabisira akazi awo mapuloti, ati angadzawaphe kapena kuwathawa, koma amaululira mng'ono wawo pa mowa. Akamwalira, mkazi amamva za puloti ya ku Area 49 itagulitsidwa kale.

Anthu a lendi nawo amagwa m'moto osauyatsa. Landilodi akamwalira, kumapeto kwa mwezi kumabwera anthu atatu, aliyense ndi nkhope yolimba, aliyense akuti ndalama muzipereka kwa ine apo ayi mutuluke. Ophunzira a ku Chikanda ndi madera ena ozungulira makoleji akuzidziwa izi, ena atulutsidwapo pakati pa mayeso chifukwa analipira "wolakwika". Mgwirizano wa lendi suthera pa manda, umapitirira m'manja mwa woyendetsa chuma. Funsani kalata ya khoti, lipirani kwa amene ali nayo, ndipo musapereke ndalama popanda lisiti. Chimodzimodzi inu ogula. Nyumba ya malemu ikamatsatsidwa motchipa ndi mwachangu, wogulitsa n'kumati "mapepala tikonza pambuyo", dziwani kuti mukugula mlandu, ndipo mlandu suola. Mwana amene lero ali Sitandade 4 adzakula, adzapeza loya, ndipo adzakupezani mutapaka kale penti.

Nanga apolisi? M'mapolisi muli ofesi zothandiza ozunzidwa, ndipo pali apolisi ena amene amagwira ntchitoyi ndi mtima wonse. Koma mawu oti "imeneyo ndi nkhani ya m'banja, kakambiraneni" sanathe pa kauntala. Munthu wothyola golosale n'kuba katoni ya sopo amagona m'chitolokosi tsiku lomwelo, wolanda nyumba yathunthu amaitanidwa kudzakambirana, n'kubwera atavala tayi.     Choopsa ndi zaka 10 zija, koma chilango chimaopsa anthu akamaona wina wa m'dera lawo akuchilandira. Inu awerengi, dziwerengereni nokha: mwa olanda onse amene mukuwadziwa, ndi angati analowapo ku Chichiri kapena ku Maula?

Amasiye ambiri sakasuma n'komwe, ndipo si umbuli wokha. Pali mantha a kulodzedwa. Pali mawu aja onong'onezana pa siwa oti "wamudya yekha mwamunayu kuti atenge chuma", amene amamanga mayi pakamwa kotero kuti akangotchula za nyumba ndiye kuti wavomera. Palinso kuganizira ana, kuti mawa akadzadwala kapena kukwatira adzafuna akuchimuna omwewa. Bungwe la Legal Aid Bureau, limene linayamba ntchito mu 2015, limapereka maloya aulere kwa osowa, ndipo loya akhoza kupempha khoti chiletso choti wina asagulitse nyumba kapena kutulutsa munthu mlandu usanathe. Koma mayi wa geni ya tomato akatseka benchi tsiku limodzi kuti akakhale pa mzere, ana agona ndi njala, ndipo mlandu ukaimitsidwa katatu amangoti Mulungu ndiye adzaweruze.

N'chifukwa chake ndikuti aphungu abwererenso ku ndime 17. Sipafunika lamulo latsopano la masamba 100. Pafunika mzere wonena kuti wamasiye ndi ana amene ankakhala m'nyumba tsiku limene malemu anamwalira apitiriza kukhalamo mpaka khoti litagawa chuma, ndipo wowatulutsa kapena kuwatsekera kunja amangidwe osadikira kuti mwini nyumba adziwike. Majisitireti wa pafupi akhale ndi mphamvu yobwezeretsa munthu m'nyumba sabata yomweyo, za magawo zidzakambidwe pambuyo anthu ali pansi pa denga. Zikatero nthawi idzayamba kugwirira ntchito wamasiye, chifukwa pakali pano mwezi uliwonse wochedwa ndi phindu kwa amene akutolera lendi. Mafumu ndi abusa nawo ali ndi mpata umene woweruza alibe: amayankhula pa maliro penipeni, olanda ali pomwepo. Mfumu imene imatha kulengeza za chipepeso ndi kudzudzula anyamata osabwera kudzakumba manda, ingalephere bwanji kunena kuti katundu ndi nyumba ya malemuyu asakhudze munthu mpaka kalata ya khoti ituluke?

Podikira aphunguwo, amene sachedwa kukweza malipiro awo koma pa zotere amayenda ngati nkhono, wamasiye adzithandize ndi zimene zilipo. Nyumba isasiyidwe yopanda munthu. Ngati mwambo ukufuna kuti mupite kumudzi, musiyemo mwana wamkulu kapena mbale wa kwanu, ndipo makiyi ena akhale m'chitenje mwanu. Kalata ya puloti, makadi a banki, chiphaso cha ukwati ndi foni ya malemu zichoke m'nyumba tsiku loyamba, zikasungidwe kwa munthu wodalirika. Katundu alembedwe pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri, ajambulidwe ndi pa foni. Ndikudziwa, kunena izi kwa munthu amene maso atupa ndi kulira kukumveka ngati nkhanza. Ndiye ntchito imeneyi ndi yanu inu achemwali ake, anzake a mumsika ndi a ku mpingo, amene mumakhala naye pa mphasa masiku atatu.

Za wilo tanena mpaka kutopa, koma abambo ambiri amati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa, chonsecho omwewo amalipira inshulansi ya maliro mwezi ndi mwezi osaopa. Wilo siifuna chuma chambiri kapena Chingerezi chozama. Ikhale yolembedwa, musaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu mu wiloyo. Mukatero ikasungidwe kukhoti, kwa loya kapena kubanki, osati pansi pa matiresi pomwe woyamba kuipeza akhoza kuyatsira mbaula. Mu wilo ndi momwe mungathokozere mlongo wanu wa mtedza uja ndi dzina lake, ndi kunena momveka amene adzakhale m'nyumba. Dziwaninso kuti simungagwiritse ntchito wilo pomana mkazi ndi ana zonse, khoti lili ndi mphamvu yowapatsa zowayenera akadandaula.

Bambo wa zitsulo wa ku Ndirande uja sanasiye wilo. Mkazi wake atapita kukadandaula anauzidwa kuti abweretse chiphaso cha imfa ndi kalata ya puloti, ndipo zonse ziwiri zili ndi mlamu amene ankazisunga kuti zingasowe. Mlanduwo tsopano uli m'manja mwa maloya a boma, tsiku lake likudikiridwa. Mtsikana wa Fomu 3 uja amathandiza mayi ake kuyala tomato m'mawa asanapite kusukulu. Koma mlamuyo wina anamutsina khutu za ndime 17, moti Loweruka lina anatumiza anyamata ndi ngolo ya manja kukatula bedi, mipando ya sofa, kabati ndi mapoto onse, ati asadzanenedwe kuti anaswa lamulo. Kachipinda ka lendi komwe mayiyo akukhala ndi ana anayi sikangalowe zonsezo. Mipando anaikiza kwa mnzake wa mumsika, ndipo bedi analitsamiritsa kukhoma kuseri, n'kulifunditsa pepala la pulasitiki poopa mvula.